Mlandu wa Apongozi a Gray

Mu 1979 kalata inafika pa ofesi ina ya boma ku Karonga yoti Gray Matewere, mkulu wa makalaliki wochokera ku Ntcheu, atsogolere komiti yomva mlandu wa dalaivala, a Kenan Mwalwanda. Galimoto ya boma imene ankayendetsa inapezeka ku Kaporo itasenza mpunga wa anthu othawa madzi osefukira. Unali mlandu wongothera pa chenjezo. Koma a Kenan anali bambo aang'ono a Lettie, mkazi wa Gray, ndipo ndiwo analandira ng'ombe za malowolo.

Lamulo silinkapita m'mbali: woweruza akakhala pachibale ndi woimbidwa mlandu, aulule, achokepo. Lettie anamudandaulira kuti atero, koma Gray anaumitsa khosi. Ku ofesi ankangodziwa kuti anakwatira Mnkhonde, kwa yani osakudziwa. Nanga iye akachokapo, ndani akanawamvera chisoni akuluwo, kutatsala chaka chimodzi kuti apume pantchito?

Tsiku la mlandu, a Kenan atalowa, miyendo ya Gray inaimirira yokha. Anakhalanso msangamsanga. A Hudson Jere, membala wa komiti wochokera ku Mzuzu, anasiya kulemba n'kumuyang'ana.

"Wapampando, werengani dzina la woimbidwa mlandu," anatero a Jere.

Gray anayang'ana pepala. Zaka zisanu ndi ziwiri za ukwati, anali asanawatchulepo dzina apongozi akewo, ngakhale kuwayang'ana m'maso. Lilime linakana. "Bambo awa..." anayamba, maso ali pansi.

A Kenan anamumvera chisoni. "Musavutike, mwanangu, nditchula ndekha."

Chibale chinaululika. Masiku amenewo makoma anali ndi makutu, ndipo palibe anafuna kuoneka ngati wabisa nawo. A Jere anatseka fayilo.

Mlandu unakafika ku likulu utanenepa: tsopano unali wa dalaivala wosakaza katundu wa boma ndi mkamwini womutchinjiriza. Anthu amene sanaonepo madzi a ku Kaporo anawachotsa ntchito a Kenan, penshoni osaiona. Gray anamutsitsa udindo n'kumuponya ku Nsanje.

Popita kukatsanzika, anawapeza akuluwo m'matope, akuwokera mpunga. Manyazi anamugwira. Iwo sanaweramuke n'komwe.

"Mukanangochokapo, mwanangu."

Gray anabwerera atazolika, atamvetsa mochedwa chimene akale ankanena: khoswe akakhala pamkhate sapheka.