Rauta Yoikiratu Zonse

Panali mayi wina ku Chilomoni, mphunzitsi wa kupulayimale, dzina lake Nagama. Ankachita maphunziro a dipuloma pa intaneti, koma foni yake inkatentha ndi kutha moto akamagawira laputopu netiweki. Ndiye Loweruka lina analowa m'tauni kukafuna rauta, kabokosi kofalitsa intaneti m'nyumba popanda waya.

Anayambira m'sitolo. Wogulitsa anamuonetsa yaing'ono, yosatsegula m'katoni mwake.

"Iyi si yodula, mayi, ndipo ikavuta mubwere nayo. Koma mukafika kunyumba muikemo pasiwedi yanuyanu."

Nagama anaona kuti chimenecho ndi chintchito. Kuseri kwa msika anapeza bambo wina atayala mawaya ndi machaja pachiguduli. Bamboyo anamutulutsira rauta yakuda, ya nyanga zazitali, pa mtengo wozizira.

"Iyi simuvutika nayo. Zonse ndinaikiratu. Inu mungolumikiza kumagetsi."

Nagama anaigula, ndipo kunyumba inagwiradi ntchito. Sinamufunse kanthu, ndipo intaneti inkafika mpaka kukhitchini.

Patapita masiku, zinthu zinayamba kumudabwitsa. Akatseka laputopu, timagetsi ta rauta tinkaphethirabe mofulumira ngati wina ali kalikiliki. Masana ena, dzuwa lili paliwombo, akuchonga makope a ana asukulu, anaona kamuvi ka pasikirini ya laputopu kakuyenda kokha. Kanayenda pang'onopang'ono, n'kukaima pachithunzi cha mwana wake wamkazi, Tadala. Kanyali ka kamera kanayaka. M'nyumba munali zii. Nagama anadziuza kuti n'kutopa chabe.

Mwezi ukupita kumapeto, anadutsanso kuseri kwa msika kuja. Bambo uja anadzutsa mutu, n'kumwetulira.

"Mayi Nagama! Tadala wachira chifuwa chija? Komatu mwachita bwino kusuntha kabati, pabalaza paoneka potakasuka."

Nagama sanamuuzepo dzina bamboyo. Kabatiyo anali atasuntha dzulo lake, ali yekha, chitseko chili chokhoma.

Anatembenuka n'kulunjika kunyumba. Anazula rauta ija kukhoma, n'kuiika pamwala wochapira, n'kuiphwanya ndi hamala mpaka nyanga zonse zinathothoka. Laputopu anapita nayo kusitolo kuja kuti akafufutemo zonse, ndipo anagula rauta yaing'ono ija. Pasiwedi anaika yekha.

Atafotokozera mayi wa nyumba yoyandikana, mayiyo anangoseka.

"Aaa, anzanga, ifenso tinagula kwa bambo omwewo. Munthu wabwino bwanji! Ana athu onse amawadziwa mayina."

Inu amene mukundimva, musaganize kuti mlandu unali mtengo. Rauta ya m'sitolo ijanso inali yotsika mtengo, koma inkafuna kuti mwini nyumba akhale pansi, atseke yekha khomo lake. Chilichonse chimene mukulowetsa m'nyumba mwanu, yambani mwafunsa kuti kiyi wake ali ndi ndani. Ndipo munthu akakuuzani kuti musavutike, zonse anaikiratu, imani kaye, mumufunse kuti anaikiratu chiyani.