Chisa cha Mlembi Chikalimba

Ana inu, mwambi wa phula uja sunangogwa kumwamba. Unabadwira kuphiri la Ntchisi, m'gulu la alimi a njuchi.

Gululo linali ndi malamulo ake papepala, ndipo wosunga pepalalo anali mlembi wawo, a Chikalimba. Kuwerenga ankakudziwa, izo sindingawanamizire, koma makutu analibe.

Chaka china membala wina, a Lipenga, anamwalira n'kusiya mkazi wawo Nankhoma, ana anayi ndi ming'oma isanu. Uchi wa m'ming'omayo ndiwo unkadyetsa banjalo. Pamsonkhano a Chikalimba anawerenga lamulo lachitatu, loti mng'oma ndi wa amene anaupachika. Anati popeza woupachikayo ali kumanda, ming'oma yonse ibwerere kugulu.

Nankhoma anagwada. "Alembi, chingwe ndinkagwira ndine amuna anga akakwera mumtengo. Kafunseni a Dzimbiri, analemba lamuloli ndi iwowo. Ali patsidya pomwepa."

"Mayi, pepala silifunsidwa," anatero a Chikalimba. "Cholembedwa n'cholembedwa."

Anthu zinawawawa, chifukwa onse ankadziwa kuti lamulolo linalembedwa pofuna kuletsa akuba, osati kulanda amasiye. Anangopempha kuti nkhaniyo idikire tsiku lofula uchi.

Tsikulo litafika, apampando, mayi Nasiwa, anabwereka pepala lija n'kuwerenga lamulo lachisanu ndi chimodzi, loti mlembi apatsidwe chisa chachikulu koposa, alawe gulu likuona. Kenako anatulutsa chisa chotambalala ngati lichero, chakale, chouma gwa, chopanda ndi dontho lomwe.

A Chikalimba anafunsa kuti uchi wake uli kuti.

"Pepala lati chisa, alembi. Za uchi silinatchule."

Pobwerera panalibe. Analuma, natafuna, natafunabe, phula likukakamira m'mano. Atalephera kumeza anayang'ana Nankhoma, manyazi atawagwira, n'kufunsa ngati a Dzimbiri amapezeka pakhomo masana. Atakawafunsa, ming'oma ija inatsala ndi Nankhoma.

Kuyambira pamenepo anthu amati, "Safunsa anadya phula." Mawu ali ngati chisa, uchi wake ndi cholinga cha amene anawanena. Ngakhale malamulo aakulu oyendetsera dziko ndi otero: owalemba sangaone zonse zam'tsogolo. Wogamula mlandu akangogwira zilembo, osafunsa kuti lamulolo linabwera kudzateteza ndani, phulalo satafuna yekha. Amadyetsanso ana a Nankhoma.