Munda Woyera wa Katswiri

Pa benchi la ku ofesi ya zaulimi panakhala mayi wina kuyambira m'mamawa, chiphaso cha mwamuna wake chili m'manja. Chaka chimenecho mbozi zinasesa chimanga m'dera lonse, ndipo boma linalengeza kuti lipereka thandizo kwa alimi okhudzidwa. Lamulo linali limodzi basi: ulembetse dzina, ndipo munda usaukhudze mpaka mlangizi adzauone ndi maso ake.

Mwini chiphasoyo anakanitsitsa kubwera. Anthu ankamutcha Katswiri, chifukwa munda wake wa m'mbali mwa msewu ndi umene alimi anzake ankaphunzirirapo kabzalidwe. Tsono iyeyo akakhale pamzere ndi anthu amene ankawaphunzitsa? Ayi ndithu, bola kufa! Koma mayiyo ankadziwa kuti nkhokwe ili mbee, ndipo popanda thandizolo sakanapeza mbewu ndi feteleza pokhapokha atagulitsa ng'ombe zawo ziwiri zolimira. Anamanga mtima, anapirira njala ndi dzuwa, mpaka dzina linalembedwa.

"Bambo a ana, mlangizi abwera Lachisanu," anatero atafika kunyumba. "Chonde, munda uja muusiye mmene ulili."

"Ndiye abwere kudzajambula manyazi anga?" Katswiri anafunsa akunola chikwanje. "Aliyense wodutsa pamsewu akuloza chala. Dzulo wanjinga wina anandifunsa ngati ndayamba ulimi wa mbozi."

"Msiyeni aseke. Kuseka sikutha munthu, imatha munthu ndi njala."

Bamboyo anaika chikwanje chija pansi. Mayiyo anayesa kuti mawu alowa, osadziwa kuti akuthira madzi pamsana pa bakha. Lachitatu anapita kukazonda mchemwali wake amene ankadwala kutsidya la mtsinje. Pobwerera Lachinayi masana, anaona utsi uli tolotolo kumunda. Anathamanga mpaka mpango unagwa. Anapeza mapesi onse atadulidwa ndi kutenthedwa, ng'ombe zili pagoli, mwamuna wake akutembenuza dothi, thukuta lili kamukamu.

Misozi inalengeza, koma mayiyo sanagonje. Anazungulira m'malire mwa munda n'kutola mapesi asanu obooka amene moto unawaphonya, n'kuwasunga m'thumba.

Mlangizi anafika pa njinga yamoto. Anaima, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kupukusa mutu.

"Bambo, munda wosamalika chonchi sindinauonepo chaka chino. Nanga chimanga chowonongekacho chili kuti?"

Mayiyo anatambasula thumba lija. "Achimwene, umboni ndi uwu. Munda wonsewu unali chonchi, funsani aliyense."

"Mayi, ine ndikukukhulupirirani. Koma akuluakulu anga amafuna chithunzi cha munda, osati cha mapesi asanu. Mapesi munthu akhoza kutola paliponse."

Mayiyo anamutsatira mlangiziyo mpaka ku ofesi. Anapitanso kawiri, ulendo wachiwiriwo atatenga anansi awiri ngati mboni. Yankho silinasinthe, ndipo kunena zoona mtima unamupweteka kwambiri.

Mvula yoyamba itagwa, anzawo anali atalandira kale thandizo lawo ndipo ankabzala. Mayiyo ndiye anamasula yekha zingwe m'khola n'kupereka ng'ombe zija kwa wogula, chifukwa mwamuna wake anadzitsekera m'nyumba. Wogulayo atachoka, mayiyo anakagogoda pachitseko, makasu awiri ali paphewa.

"Tulukani, bambo. Munda ukudikira, ndipo chaka chino ng'ombe ndife."

Katswiri anatuluka atawerama, n'kulandira khasu anthu onse a pamsewu akuona. Akuluakulu sananame: mbewa ya manyazi inafera kuuna.