Chipinda Chomangidwa ndi Zotsala

Kalekale, pa msika wina kutsidya kwa mtsinje, anthu anasonkha zipangizo zomangira kachipatala ka zipinda ziwiri. Amisiri oyamba anamwaza simenti, kuswa njerwa, nathawa khoma lili m'chiuno. Anthu anasonkhanso kachiwiri, nati, "Zikatha izi, basi, tilibenso zina."

Ntchito inaperekedwa kwa ana atatu a mimba imodzi: Lameki womanga, Zakeyu kalipentala, ndi mlongo wawo Esinati, woyang'anira aganyu.

Lameki sanagwire njerwa masiku atatu. Ankangoyeza ndi chingwe, anthu n'kumamuseka kuti ndi waulesi. Koma atayamba, makoma anakwera popanda kudula njerwa ndi imodzi yomwe. Zibenthu zimene anasiya amisiri oyamba anazitola, naziyala pansi asanathire simenti.

Zakeyu sankataya thabwa. Matabwa othandizira pomanga ankawachotsa mosamala, kuzula misomali, kuiwongola pamwala, n'kuikhomanso. Matabwa omwewo anagwira ntchito katatu, kenako anawapala n'kukhala zitseko.

Esinati analimbana ndi anthu. Aganyu anazolowera kukanda matope a simenti ambiri nthawi imodzi, otsala n'kuuma padzuwa. Iye anati, "Kandani wilibala imodzi, ikatha mukandenso." Aganyuwo anadandaula, ena anamutcha wankhanza, koma iye sanasunthe. Anayala masaka m'munsi mwa khoma kuti matope ogwa abwerere m'manja mwa womanga. Matumba a simenti anawasanjika pamitengo, ndipo mvula yoyamba itagwa palibe thumba lomwe linanyowa.

Zipinda ziwiri zitatha, zipangizo zinatsala zambiri moti anamanga chachitatu, chochiliramo amayi.

M'mwezi wa Januwale mtsinje unadzaza, njira ya ku chipatala chachikulu inatsekeka. Mayi wina woyembekezera dzina lake Nabanda anabwera pa machira ali pakati pa moyo ndi imfa. Namwino anamulandirira m'chipinda chachitatu chija, ndipo mayiyo anabereka mwana wamwamuna, onse ali moyo.

Bambo a mwanayo anapita kwa atatuwo, nagwada. "Amisiri athu, mmodzi wa inu amutche dzina mwanayu. Dzina limatuluka pakamwa pamodzi."

Lameki anati, "Chingwe changa ndicho chinabala njerwa za chipindacho."

Zakeyu anati, "Achimwene, khoma lopanda chitseko ndi khola. Mayiyu akanachira mphepo ndi maso a anthu zikulowa?"

Esinati anaseka. "Alongo anga, inu munagwira njerwa ndi matabwa, zinthu zosayankha. Ine ndinatembenuza manja a anthu makumi awiri. Popanda simenti mukanamata ndi malovu?"

Bambo aja anayang'ana uyu, nayang'ana uyo. Mwana anafika tsiku lotuluka m'chikuta alibe dzina.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, weruzani: pakati pa Lameki, Zakeyu ndi Esinati, ndani ayenera kumutcha dzina mwanayu?