Jekete la Tsiku la Digiri

Pakhonde pa telala wina pankapachikidwa jekete lakuda lomwe kasitomala aliyense sankaloledwa kuligwira. Atelalawo ankalisokera mwana wawo wachisamba, amene anali m'chaka chomaliza cha fizikisi ku yunivesite, kuti adzavale polandira digiri. Mnyamatayo mutu unkagwira, zimenezo tisakane. Masamu ankangowamwa ngati madzi, mpaka anzake anamupatsa dzina loti Pulofesa. Tsoka lake, dzinalo linamulowa m'mutu.

Kafukufuku wake womaliza anali woyeza mphamvu ya kuwala kwa dzuwa. Masana aliwonse ankakwera padenga la labu ndi kachipangizo kokhala ndi muvi, n'kumalemba manambala m'buku. Woyang'anira labu, mayi wa imvi amene analibe digiri koma anasamala zipangizozo zaka makumi awiri, anamulangiza kuti asanayeze azivindikira kaye kachipangizoko, aone ngati muvi wabwerera pa ziro, ndipo azilemba zimene waona patsamba loyamba.

"Amayi, zimenezo n'za ana a chaka choyamba. Ine ndikudziwa kale," anatero Pulofesa, maso ali pafoni.

Mayiwo anamukumbutsanso kawiri, kenako anamuleka.

Patatha miyezi inayi buku linadzaza. Tsiku lofotokoza kafukufukuyo pamaso pa aphunzitsi, Pulofesa analankhula mokoma zedi, bolodi yonse mbuu ndi choko. Mphunzitsi wina wofatsa anapempha buku lija n'kutsegula tsamba loyamba. Panalibe cholembedwa. Anaitanitsa kachipangizo kaja nakavindikira, onse akuona. Muvi unaima pa seveni. Anavindikiranso, unaima pa folo.

"Kameneka kanayamba liti kunama?" anafunsa.

Pa manambala onse aja panalibe amene akanadziwa oona ndi abodza. Aphunzitsiwo anauza Pulofesa kuti adzayambirenso chaka chamawa.

Kunyumba anapeza bambo ake akusokerera batani lomaliza. Atamva nkhaniyo sanakalipe, ndipo kufatsa kwawoko n'kumene kunamulasa mtima mnyamatayo, mpaka misozi inalengeza. Bambowo anadula ulusi ndi mano, napinda jekete lija bwinobwino n'kuliika pansi penipeni pa sutikesi.

"Mwanawe," anatero, "ine ndasoka zaka makumi atatu, koma m'mawa uliwonse ndimayamba ndayesa makinawa pa kansanza."

Akuluakulu sananame ayi: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.