Dazi la a Kachingwe pa Bolodi

Pasekondale ina panali mphunzitsi, a Kachingwe, amene ankadzitama kuti pamtsutso sagonja. Tsiku lina, atangophunzitsa a Fomu 4 kuzindikira mfundo zopotoka, anapeza dazi lawo litajambulidwa pa bolodi.

"Iwe Esinala, kalasi yonse ikuti ndiwe. Kakumbe dzenje!"

"Aphunzitsi, si paja munati chonenedwa ndi ambiri sichikhala choona nthawi zonse?" anatero mtsikanayo. "Ndiye sankhani: mundikhululukire, kapena muvomere kuti mumatiphunzitsa bodza."

A Kachingwe anagonja. Anamukhululukira, mpaka kumuwombera m'manja.

Akupalasa njinga kupita kwawo, m'pamene anakumbukira kuti kupanikiza munthu ndi njira ziwiri zokha ndi mfundo yopotokanso, yomwe anaphunzitsa okha m'mawawo. Komanso zala za Esinala zija zinali mbuu ndi choko.