Kompyuta ya Pansi pa Nsalu

Sukulu ya pafamu ina ya fodya, chakumadzulo kwa Raffingora ku Zimbabwe, inali ya zipinda zitatu zomwe kale ankasungiramo feteleza. Laxon Mbewe anaphunzira pomwepo, ndipo atamaliza fomu folo m'chaka cha 1996 anabwerera kudzagwirizira uphunzitsi. Anali mnyamata wa maloto ambiri, ndipo theka la malotowo linali pa Aisha, namwali wosankha fodya kushedi.

Tsiku lina mkazi wa mwini famu, yemwe komboni yonse inkamutcha Misisi, anafika ndi kompyuta yakale ya muofesi mwake. Anauzanso anyamata kuti akoke waya wa magetsi kuchokera kushedi.

"Ana aziphunzirirapo," anatero m'Chishona chake chopindika. "Fodya akagulitsidwa ndidzabwera kudzaona."

Laxon mtima unamudumpha. Ali kusekondale ku Chinhoyi anakhudzako makina otere, choncho anali ataona kale zochita: a giredi seveni azibwera awiriawiri, wina kulemba chiganizo, mnzake kukonza. Madzulo omwewo analonjeza Aisha pachitsime kuti adzamuonetsa dzina lake likuwala pagalasi ngati nthanda.

Koma ahedi, a Saturday Mwale, anali ndi nzeru zina. Anaiika kompyutayo patebulo m'giredi seveni, naivundikira ndi nsalu yoluka ya akazi awo, pamwamba n'kukhazikapo botolo la maluwa apulasitiki.

"Ahedi, tiyatse liti?" anafunsa Laxon.

"Kuyatsa? Iwe mwana wa Mbewe, ukuyesa wayilesi ya kubhawa komwera mowa imeneyi? Chinthu chotere chimatsegulidwa ndi akuluakulu a zamaphunziro. Pakhale kwaya, pakhale mbuzi, ajambule chithunzi."

"Nanga abwera liti?"

"Akapeza mpata. Ndipo ana awa, zala zonona mangai zija, akhudze chinthu cha mzungu? Chikafa ulipira ndiwe?"

Mangai ndi chimanga chophika chomwe anawo ankatafuna popuma, ndipo ahedi ankachiona ngati mdani wamkulu wa chitukuko.

Laxon anachonderera mpaka malovu kuuma. Chimene anapatsidwa ndi chilolezo chojambula mabatani a kompyuta pamakatoni. Ndiye tsiku lililonse ana ankakhala pansi, aliyense katoni yake pamiyendo, kumagogoda zilembo zosayankha, kwinaku maso ali pansalu ija. Ahedi akamadutsa ankagwedeza mutu mokhutira.

"Waona? Akuphunzira bwinobwino, chinthu chili chosungika."

"Ahedi, munthu angaphunzire kusambira pamchenga?"

"Pamchenga samira munthu," anayankha a Mwale, n'kumapita.

Mvula inatha, fodya anapsa m'mabani oumitsiramo, mabelo anapita kumsika ku Harare. Akuluakulu aja anati abwera mwezi wamawa, mwezi wamawawo utafika anati galimoto ilibe mafuta. Mbuzi ya phwando inanenepa mpaka kubereka. Aisha naye anayamba chipongwe.

"Aphunzitsi, dzina langa lija lawala? Kapena nthanda yake inagwera m'katoni?"

Tsiku lina Laxon anafika povundukula nsalu ija yekha, chala chili pabatani, koma ahedi anatulukira pakhomo ngati anunkhiza. Kuchokera pamenepo waya wolumikizira kompyutayo ankagona m'thumba la jekete lawo.

Misisi anabwera osalengeza, Lachitatu lina m'mawa, fumbi la galimoto yake lili tolotolo. Ahedi anathamanga kukachotsa maluwa ndi nsalu, nalumikiza waya. Galasi linayaka.

"Eya, ndionetseni zomwe mwaphunzira," anatero Misisi akumwetulira.

Ana onse, monga anazolowera, anatulutsa makatoni awo n'kuyamba kugogoda. Kalasi yonse inangoti go, go, go, ngati nkhuku zikutola mapira. Laxon analakalaka nthaka itang'ambika.

Misisi anakwinya nkhope. Anakodola Fatima, mtsikana wanzeru kuposa onse, namuuza kuti alembe dzina lake pakompyuta yeniyeniyo. Fatima anayandikira pang'onopang'ono ngati akupita kwa galu wolusa. Atangotambasula dzanja, pakamwa pa ahedi panatseguka pokha.

"Iwe! Osagwira!"

Fatima anabweza dzanja n'kulibisa kumbuyo. A Mwale anayesa kuseka, nayamba kufotokoza za akuluakulu, za kwaya, za mangai, koma Misisi anali atayang'ana kale nsalu ija, maluwa aja, ndi mabatani opanda ngakhale kachidindo ka chala.

"Sisita wa kukiliniki ya mishoni wakhala akundipempha makinawa," anatero. "Ndinamukaniza chifukwa cha ana awa."

"Misisi, tipatseniko sabata imodzi yokha," Laxon anachonderera. "Ndiwaphunzitsa ndine, ngakhale Loweruka."

"Munali ndi nyengo yonse ya fodya."

Anyamata awiri a kushedi ananyamula kompyuta ija kukaiika m'galimoto. Ana anaima pakhonde, makatoni ali m'manja, kuonerera fumbi likutha. Ahedi anatsala atagwira nsalu ya akazi awo ndi botolo la maluwa.

"Komabe yapita ili yatsopano," anadzitonthoza motero. "Palibe anganene kuti tinaononga."

Laxon anawasiya ahedi pomwepo, poopa kuti chotuluka m'kamwa mwake chingamuchotsetse ntchito. Anatuluka kulowera kuchitsime, komwe anapeza nkhani itamutsogolera kale. Aisha anatula chidebe, namutambasulira chikhatho chodetsedwa ndi utomoni wa fodya.

"Lembani pano ndi chala, aphunzitsi. Ine sindidikira akuluakulu."

Laxon analemba, zilembo zosaoneka ndi maso, ndipo kwa kanthawi mkwiyo unamuphwera. Koma Fatima ndi anzake anamaliza giredi seveni osakhudzako batani lenileni ngakhale limodzi, pamene chinthucho chinagona nawo m'chipinda chimodzi miyezi yonseyo. Akulu sananame: fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.